Mwana wa m'Bokosi la Galasi

Apolisi anawaitanira mtembo umodzi, koma m'chipindamo munali mitembo itatu. Iwiri inali chiimire m'mabokosi a galasi, youma gwa ngati nyama yofutsa, mano ali pamtunda. Wachitatu unali pansi chafufumimba, magazi a kunkhongo asanaumitsitse. Umenewo unali wa bwana Dalton Reeve, mzungu wa ku Amereka, mwini nyumbayo.

Stafford Kapalasa anaima pakhomo n'kukonza masiki wake. Pa zaka zonse zimene anafufuza milandu ku Limbe anaona zoopsa zosawerengeka, koma izi ayi. Pashelefu panali timitu ta anthu tofota ngati mapeyala ogwa osakhwima, milomo itasokedwa ndi ulusi. M'botolo lalikulu munali mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri. Pakona panali kanyani kosokeredwa ku mchira wa nsomba.

"Abale inu," anadziyankhulira yekha, "ena amaweta nkhunda, ena amadzala maluwa. Uyu anasankha maliro."

Upolisi anausiya kalekale. Kuno ku Dubai ankayang'anira alonda pa hotela ina ku Business Bay, hotela imene chibwerereni korona inkangolandira fumbi. Koma pakagwa mlandu wokhudza anthu a Chinyanja apolisi ankamuitana kuti azimasulira, ndipo Kaputeni Humaid, amene anagwira naye milandu ingapo, ankadziwa kuti mkuluyu sabwera ndi pakamwa pokha, amabwera ndi maso omwe.

"Yalla, Stafford, lowani. Musakhudze kanthu," anatero Humaid.

Linali Lachisanu madzulo, mwezi wa Januwale 2021, m'nyumba ya mpanda ku Al Warqa. Humaid anafotokoza mwachidule. Kale ku Amereka kunali anthu oyendayenda ndi matenti mzinda ndi mzinda, kuonetsa zodabwitsa. Ankagula mitembo yopanda abale, kuiumitsa ndi mankhwala, n'kuipekera mbiri yabodza kuti anthu adzaze tenti. Agogo ake a Dalton anali m'modzi mwa amenewo. Dalton analandira katunduyo ngati chuma chamasiye n'kubwera naye kuno kuti atsegule chionetsero ku Downtown. Mliri utatseka zitseko, anayamba kuonetsa pa intaneti Lachisanu lililonse madzulo.

"Dokotala akuti wafa masana, dzuwa litangopendeka," anapitiriza Humaid. "Chida ndi icho."

Inali nyundo yamtengo yokhomera zikhomo za tenti, yakale, yolemera. Patebulo panali magetsi ojambulira, kamera yosayatsa, kamacheka kakang'ono ndi lumo. Pambali pake panali bokosi lina la galasi, lalifupi ngati beseni losambitsira mwana. Linali lotsegula, mulibe kanthu.

"Munali chiyani umu?"

Humaid anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Kanali kakhanda kakuda, kouma, timanja titapindika pachifuwa. Pachikwangwani chake analembapo kuti ndi mwana wa mfumu ya anthu odya anzawo, wochokera ku Zambezi.

Stafford anakulitsa chithunzicho ndi zala. M'chiuno mwa kakhandako munali mkuzi, kachingwe kaja amayi amamangira mwana kuti aziona mmene akukulira, kali ndi timikanda tofiira. Pachifuwa panali mphini ziwiri. Mfumu yanji, odya anzawo ati! Uyu anali mwana wa munthu wamba wa kwinakwake pakati pa Tete ndi Dedza, amene mayi wake anamuthamangira naye kwa sing'anga atadwala chifuwa.

"M'nyumba muno mumakhala ndani?" anafunsa, mawu atalemera.

"Mkazi wake, Kelly, ali m'chipinda cham'mwamba, akudwala korona, satuluka. Mwana wawo Nick, wa chaka chimodzi. Wolera mwanayo, Selinah, wa kwanu. Ndi dalaivala, Goodwell, wa ku Zambia. Ndiye wapeza mtembo, ndiponso zala zake zili pa nyundo. Tamutenga kale."

Stafford anamupeza Selinah kukhitchini, magolovesi ali m'manja, akukonza supu wa madamu. Ankamudziwa ndi kutchalitchi mapemphero asanaletsedwe: mayi wa ku Ntcheu, wosayankhulayankhula, wa mawu okoma a alito.

"Pepanitu, mayi. Komanso za imfa ya mwana wanu uja ndinazimva chaka chatha pa gulu lathu la pa foni. Sindinapeze mpata wokupepesani pamaso."

"Zinachitika, bambo," anayankha, maso ali pa poto.

Anati sanamve kanthu. Masana anali ndi Nick kuchipinda chakumbuyo, kenako anatuluka naye kukamuyendetsa monga amachitira tsiku lililonse. M'chipinda cha mitembo anati salowamo, amaopa. Stafford anagwedeza mutu. Ndani sangaope?

Loweruka m'mawa anakumana ndi Goodwell m'chipinda chofunsiramo anthu. Mnyamata wa ku Chipata uyu, wa thupi ngati womenya nkhonya, anali atatha ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri. Manja ake anali ndi totupa tofiira mpaka m'zigongono.

"Ba mudala, nilumbila pali Mulungu, sininamupaye," anayamba Stafford asanakhale n'komwe. "Ninamupeza ali kale pansi. Nyundo ninaigwila, ee, ninafuna chabe kuichosa pafupi na mutu wake."

"Lachinayi munakangana. Aneba anamva."

"Tinakangana. Ananiuza ati mailo pa Chisanu nizang'amba kaja kamwana pa kamera, bantu baone vili mukati, iwe uzagwila mendo. Ine ninati awe, bwana, nine draiva, sindine wa ku mochale. Ndiye anayamba kupunda, kukalipa, ati nizakucancela viza."

Stafford ankamasulira liwu ndi liwu, Humaid akulemba.

"Munali mutakanganapo kale za mwanayo?"

"Kambili. M'mawa anali kupeza bokosi yake yavinikiliwa na thaulo, manje anali kuganiza ati ndine. Ine vija vintu sinivifuna, ba mudala. Kupukuta magalasi chabe ndiye vinanichita so kumanja."

Humaid anatsegula kompyuta. Kamera ya pa geti la aneba inaonetsa Goodwell masana a Lachisanu akukweza makatoni m'galimoto, kutuluka, n'kubwerera dzuwa litapepa. Kodi m'makatonimo munali chiyani, ndipo anapita nawo kuti?

Goodwell anaweramira kwa Stafford n'kunong'ona. Munali mpunga, ufa ndi mafuta. Anakapereka kwa anzake amene ntchito zawo zinatha ndi mliri, mapepala awo okhalira m'dziko muno n'kuthanso, ndipo anadzazana m'chipinda chimodzi ngati matemba m'chitini.

"Nikabatchula bazabagwila bonse, na bakazi balimo. Osamuuza, napapata."

"Akuti chiyani?" anafunsa Humaid.

"Akuti anakapereka chakudya kwa anzake ovutika. Mayina akukana."

"Ndiye kuti alibe mboni. Muuzeni bwinobwino, Stafford. Anaopsezedwa, anakwiya, anapha, mtembo wa mwanayo anakaugulitsa kapena kukautaya. Woweruza akaona choncho. Ndipo mlandu wakupha kuno mukudziwa mathero ake."

Stafford anamasulira. Goodwell anagwira mutu, misozi ikutsikira m'masiki. Anali ndi mapasa ku Chipata amene anabadwa iye ali kale kuno, ankangowadziwa pa foni. Stafford anaona anthu ambiri akulira m'zipinda zotere, ena akulira bodza lenileni, koma munthu wokana kudzipulumutsa kuopa kugulitsa anzake sankafanana ndi wakupha. Komatu kukhulupirira munthu si umboni.

Masana anayesa njira ina. Nanga mkazi wa malemuyo? Anabwerera ku Al Warqa n'kuyankhula naye pa foni, iye ali pansi pa masitepe, mayiyo ali kuseri kwa chitseko chake. Kelly sanabise. Zinthu zimenezo ankadana nazo, anauzapo mwamuna wake kuti tsiku lina adzazithira petulo, ndipo za kutha kwa banja zinali zitakambidwa kale. Stafford anatchera khutu, koma mayiyo ankati akanena mawu atatu n'kuyamba wapuma kaye. Namwino amene ankabwera kudzamuona anatsimikiza kuti sangatsike masitepe popanda womugwira, nanji kukweza nyundo ija. Njirayo inathera pomwepo.

"Selinah musamuvutitse, chonde," anawonjeza Kelly asanadule foni. "Popanda iye sindikanatha. Nick sagona popanda msana wake."

Lamulungu, lomwe kuno linali tsiku la ntchito, zotsatira za kulabu zinafika. M'bokosi lija munali ufa wa aseniki, poizoni amene akalewo ankaumitsira mitembo yawo. Wogwira kakhandako khungu lili pamtunda, makamaka ali ndi thukuta, ayenera kutuluka zilonda.

"Manja a Goodwell mwawaona," anatero Humaid. "Manja a Selinah wapolisi wamkazi wawayang'ana, ndi osalala. Khalas, zatha. Mawa mlandu ukupita kwa oimira boma."

"Ndibwerekeni vidiyo ija kaye."

"Mwaionera kale."

"Ndinaonera galimoto. Galu wamkota sakandira pachabe, Kaputeni. Ndibwerekeni."

Anakhala yekha pakompyuta. Galimoto ya Goodwell itatuluka panadutsa kanthawi, kenako kageti kakang'ono kanatseguka. Selinah anatuluka, mwana ali kumbuyo, kachikwama kali m'manja. Aliyense amene anaonera vidiyoyo anaona wolera mwana akukayenda ndi mwana wa abwana, basi. Stafford anabweza mpaka Lachinayi, kenako Lachitatu. Masiku amenewo kamutu ka Nick ka tsitsi loyera kankasuzumira pamwamba pa chitenje, timapazi tikulendewera m'mbali mwa chiuno. Selinah ankayenda monyang'ama, dzanja limodzi lili kumbuyo likusisita matako a mwana, milomo ikuyenda ndi nyimbo.

Lachisanu kunalibe kamutu. Kunalibe timapazi. Chitenje chinaphimba kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo Selinah ankayenda mowongoka, osasisita, osaimba.

Stafford anatseka maso. Kaberekedwe kameneko ankakadziwa. Ali wapolisi wachinyamata ankakaona pa geti la chipatala ku Blantyre: mayi akutuluka yekha, mwana wafundidwa mutu womwe, akupita kukakwera minibasi mwakachetechete kuti kondakitala asadziwe kuti wanyamula maliro. Sajeni wake wakale anamuphunzitsa kuti ukaona wotero uzivula chipewa.

Anakhala pampandopo nthawi yaitali, mtima ukumuwawa zedi. Ameneyu anali mayi wa kwawo, woimba naye nyimbo imodzi, woferedwa. Akanatha kutseka kompyutayo n'kubwerera ku hotela yake ya fumbi, palibe akanamufunsa. Koma ndiye kuti mapasa a ku Chipata akanakula akuloza chithunzi.

"Kaputeni," anaitana, "tiyeni ku Al Warqa. Titengenso wapolisi wamkazi uja."

Kulira kwa Nick anakumva ali pa geti. Anawapeza pakhonde lakumbuyo. Selinah anakhala pansonga ya mpando, osatsamira. Mwanayo anali atafiira ndi kulira. Ankazungulira kumbuyo kwake, kugwira bulauzi, kukweza mwendo kuti akwere, koma Selinah ankamubweza kutsogolo n'kumukhazika pamiyendo. Mwana ankapalapata, kutsika, kuzunguliranso.

Stafford anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. Humaid anaima chapatali.

"Mwanayu akufuna kumbuyo, mayi."

"Ndi matukutuku chabe, bambo. Asiya."

"Madamu akuti sagona popanda msana wanu. Chitenje chili kuti? Muberekeni, tikambe bwino."

"Msana ukundipweteka."

"Kuyambira Lachisanu?"

Selinah anapitiriza kugwedeza mwana pamiyendo, maso ali pansi. Pamwamba pa kolala ya bulauzi, kuseri kwa khosi, khungu linali litatupa, likuchucha madzi.

"Amake Kizito," anatero Stafford motsitsa mawu.

Miyendo ya Selinah inasiya kugwedezeka. Chichokereni ku Ntcheu palibe anamuitanapo choncho, ndi dzina la mwana wake uja. Kuno anali Selinah, kapena "iwe".

"Amake Kizito, Lachisanu munabereka ndani?"

Mayiyo anapereka Nick kwa wapolisi wamkazi. Anavula magolovesi mmodzimmodzi n'kuwayala pabondo.

"Zilondazi si kanthu, bambo, ndikanapirira," anatero. "Koma inu mukudziwa. Msana umene wanyamula maliro sungabereke mwana wa eni usanasambe mankhwala. Ndiwapeza kuti mankhwalawo kuno? Ndimuphe Nick? Wandilakwira chiyani?"

Humaid anayang'ana Stafford. Stafford anamasulira zonse, osachotsa, osawonjeza.

"Yambirani poyamba, mayi. Pang'onopang'ono."

"Kizito anamwalira mwezi wa Meyi. Malungo. Anali ndi zaka zitatu. Ndege zinali zitaima, ndiye maliro a mwana wanga ndinaonera pa foni, netiweki ikudukaduka. Anafika potsitsa bokosi, chithunzi chinangouma. Pamene chimabwerera anali akukwirira kale. Ndinalira m'bafa, thaulo lili kukamwa, kuopa kudzutsa Nick. Kutacha ndinakonza tiyi wa abwana."

Anapuma, kenako anapitiriza.

"Tsiku lina abwana anandituma kukasesa m'chipinda chija. Ndinkasesa maso ali pansi. Koma nditafika pa kabokosi kaja ndinaona mkuzi. Bambo, mfundo yake ndi yomweyo amamanga amayi anga. Ndinati kalanga ine, mwana wa yani uyu? Mayi wake anamwalira akumufunafuna. Zaka zonsezi ali maliseche, azungu akumuloza ndi zala, akuseka. Ndiye usiku ndinkakamufunditsa thaulo. Sindinkafuna zambiri, kungoti asagone pamtunda."

"Goodwell n'kumakalipiridwa."

"Ee. Mulungu andikhululukire."

"Nanga Lachisanu?"

"Goodwell atatuluka, Nick atagona, abwana anandiitana. Ndinapeza amutulutsa m'bokosi, amugoneka patebulo, magetsi akuwala. Anati akufuna kuyeserera za madzulo. Anati Goodwell ndi wamantha, iwe gwira miyendo. Ndinagwada, bambo. Ndinati bwana, uyu ndi mwana wa munthu, mulekeni, tikamuike. Anaseka. Anati si munthu uyu, ndi katundu wa agogo anga, ndipo anthu akudikira kuona zam'kati. Anatenga lumo n'kudula mkuzi uja kuti usamusokoneze. Timikanda tinagwa pansi, tikudumphadumpha."

Anasalaza magolovesi aja pabondo.

"Kenako anatenga kamacheka n'kuwerama. Ine sindinaonenso kamwana kouma patebulopo. Ndinaona Kizito. Nyundo inali yotsamira khoma. Ndinamenya kamodzi."

Nick anali atatopa, akungosisima paphewa pa wapolisi.

"Magolovesi anali m'manja monga masiku onse. Ndinatola timikanda tonse, ndinalumikiza mkuzi, ndinamumanganso. Ndinali ndi chitenje chimene ndinkaberekera Kizito, ndinabwera nacho kuno kuti ndizinunkhiza ndikamusowa. M'chikwama sindikanamuika, si chinangwa. Ndinamubereka."

Stafford atamaliza kumasulira, Humaid anafunsa funso limodzi lokha, ndipo linali lomwe Stafford ankaliopa.

"Akufunsa kuti, munaona Goodwell akumangidwa unyolo pa geti. Bwanji munakhala chete?"

Apa ndi pamene Selinah analira, kulira kwenikweni kwa pamaliro kumene anakumeza chaka chatha.

"Chigonereni sindinagone! Ndimati aona okha kuti si iye, amumasula. Ndimati ndikanena mukamufukula mwanayo, mukamubwezera m'galasi. Wangogona masiku awiri okha, bambo. Masiku awiri, pa zaka zonsezi!"

"Goodwell ali ndi ana amoyo, mayi."

"Ndikudziwa. Tiyeni ndikakuonetseni."

Anawatsogolera wapansi. Kuseri kwa mpanda womaliza wa mzerewo kunali malo osamangidwa, mchenga wokhawokha ndi mtengo umodzi waminga. Pansi pa mtengowo panali kamtumbira kosalazidwa bwino ndi manja, miyala ing'onoing'ono itazungulira. Chapafupi panali chivindikiro cha poto chimene anakumbira.

Humaid anagwada n'kupalasa pang'ono ndi zala. Nsonga ya chitenje inaonekera nthawi yomweyo. Anapukusa mutu modabwa.

"Munthu wobisa umboni amakumba mozama. Apa ngakhale mphepo ikanafukula."

"Sanabise, Kaputeni. Anaika maliro," anayankha Stafford. "Kwathu khanda amaika ndi amayi okhaokha, ndipo salikumbira mozama. Amati ukazamitsa watseka mimba ya mayi wake."

"Mayi wake anamwalira zaka zoposa zana zapitazo."

"Iye sanawerengere zimenezo."

Humaid anaimirira n'kusasa mchenga m'mawondo. Kenako anayankhula moyang'ana Selinah, osati womasulira.

"Akuti ayenera kumutenga, ndi umboni," anatero Stafford. "Koma akuti mlandu ukatha sabwerera m'galasi. Akuti kwawo kunonso munthu samusiya pamtunda, ndipo adzaonetsetsa yekha kuti waikidwa. Inshallah, Mulungu akalola."

"Asamunyamule amuna," anatero Selinah.

Stafford anamasuliranso zimenezo. Humaid anatumiza uthenga kuti kubwere apolisi ena aakazi, ndipo iye ndi Stafford anapotoloka n'kuyang'ana kumpanda mpaka ntchitoyo inatha. Ali chiimire choncho, Humaid anaimba foni ku ofesi kuti Goodwell amuvule unyolo, amupatse madzi ndi foni yake. Stafford anamva mtolo ukutsika paphewa limodzi n'kukwera pa linalo.

Galimoto ya apolisi inali pa geti la nyumba ija. Selinah analowa yekha osakankhidwa, n'kukhala pansonga ya mpando, msana osakhudza kanthu. M'nyumbamo Nick anali atayambiranso, kulira kosasa mawu kwa mwana amene akufuna chinthu chimodzi chokha. Mayiyo anatchera khutu, manja akufunafuna m'chiuno pamene pamakhala mfundo ya chitenje.

"Bambo Kapalasa," anaitana chitseko chisanatsekedwe.

Stafford anawerama pawindo.

"Mukawauze madamu amupezere munthu wodziwa kubereka. Pa kangolo koyendetsera ana kaja sagona. Ndinamuzoloweza ndine."